Kukonza malo ochezera pa dambo la mu mzinda popanda kuthamangitsa mbalame

Aliyense amene wakhalitsa mu Johannesburg amawadziwa malo amtundu uwu: kadambo kotsalira pakati pa nyumba ndi msewu, kodzaza ndi bango, kumene ena amatayako zinyalala ndi zibenthu za njerwa, ena amadulirako m'mamawa pothamangira takisi, ndipo Lamulungu kumamveka nyimbo za mpingo wopempherera panja. Ife amene tinakulira kumudzi tikaona dambo timayamba kuganiza za dimba, pamene anzathu ambiri obadwira kuno amaona malo ongokhala, oyenera kukwiriridwa kuti pakhale bwalo la mpira. Koma mukaimirira pamenepo m'bandakucha wa mu Novembala mudzazindikira kuti malowo ali kale ndi eni ake, chifukwa bango lonse limakhala likusokosera ndi mbalame zimene zikumanga zisa.

Malangizowa ndi a anthu a m'dera amene agwirizana zosandutsa dambo lotere kukhala malo ochezera ndi kupumulirako, koma osawononga mokhala mbalame. Chimene chimapindulitsa kapena kugwetsa ntchitoyi ndi ndondomeko ya kagawidwe ka malo. Madzi ayenera kuyamba kupatsidwa malo awo, kenako mbalame, ndipo anthu atenge mtunda wouma umene watsala. Gulu limene limayamba ndi kujambula poika mabenchi ndi powotchera nyama limadzazindikira mvula itabwera kuti lamanga m'njira ya madzi.

Yambani ndi kulidziwa dambolo

Johannesburg anamangidwa pa mtunda wa Witwatersrand, wokwera pafupifupi mamita 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mtundawu umagawa madzi pawiri. Mvula yogwa kumpoto kwake imatsikira mu mtsinje wa Jukskei, n'kulowa mu Crocodile mpaka ku Limpopo, pamene yogwa kum'mwera imatsata Klip River, kudutsa m'mbali mwa Soweto ndi Lenasia, n'kukathira mu Vaal. Popeza mzinda uli pamwamba, mulibe mtsinje waukulu. Muli timitsinje ndi madambo amene amalandira madzi onse ochokera pa madenga, pa misewu ya phula ndi m'ngalande. N'chifukwa chake khwawa limene mumalilumpha ndi phazi limodzi mu Julayi lingathe kudzaza mpaka m'khosi m'mphindi zochepa mvula ya mabingu ikagwa mu Disembala.

Musajambule kanthu musanaliyendere dambolo chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Sankhani anthu awiri kapena atatu okhala moyandikana nalo, azipita mvula yaikulu ikangokata, azikhoma zikhomo pamene madzi anafika. Ngakhale madzi ataphwa umboni umatsala: udzu wogona mbali imodzi, ndiponso majumbo ndi matewera okodwa m'nthambi, amene amaonetsa msinkhu umene madzi anakwera. Lembaninso paliponse pamene ngalande kapena payipi ikulavulira m'dambo, ndi mtundu ndi fungo la madzi ake. Funsani agogo amene anabwera m'deralo nyumba zisanachuluke kuti madzi ankadutsa pati kale, pakuti madzi saiwala khwawa, ngakhale patapita zaka makumi awiri pamalopo patamangidwa.

M'chaka chomwechi fufuzani mwini malo. Musakhulupirire mawu akuti ndi a boma chabe chifukwa chakuti palibe mpanda. Pezani nambala ya puloti pa mapu a mzinda, ndipo mukatsimikize ku Deeds Office, ofesi yosunga kaundula wa eni malo. Malo ena ndi a khonsolo, osungidwa ngati malo a anthu onse, ndipo amayang'aniridwa ndi Johannesburg City Parks and Zoo. Ena ali m'manja mwa Johannesburg Property Company, imene imasunga malo a mzinda, ndipo ambiri a m'dera la migodi yakale adakali a makampani. Pansi pa dambo pamadutsanso kawirikawiri mapayipi a suweji, ndipo pamwamba pake mawaya a magetsi, zinthu zimene eni ake ali ndi ufulu wolowa ndi galimoto kudzakonza. Njira yawo muyenera kuisiya yotsegula.

Malire ndi malamulo

Malire a dambo sali pamene mukuona madzi kapena bango. Amadziwika ndi dothi. Ndinaonapo katswiri akuboola pansi ndi chitsulo chopotapota pamalo amene tonse tinkawayesa mtunda, udzu wake uli wouma gwa. Atazula dothi la pa masentimita 40 n'kulimenya pa chikhatho, linatuluka lotuwa ngati phulusa, lili ndi timadontho tofiirira ngati dzimbiri. Timadonthoto ndi chizindikiro chakuti madzi amakhazikika pamenepo miyezi ingapo chaka chilichonse. Akatswiri a m'dziko muno amayang'ana zizindikirozi m'masentimita 50 oyambirira a nthaka, ndipo amagawa dambo patatu: ponyowa chaka chonse, ponyowa m'dzinja, ndi ponyowa kwa kanthawi. Gawo lachitatuli ndi limene anthu amalilanda mosadziwa, ndipo ndi lomwenso mbalame zoikira mazira pansi zimalifuna kwambiri.

Ntchito yodula malire iyenera kugwiridwa ndi katswiri wolembetsedwa ku SACNASP, bungwe lolembetsa akatswiri a sayansi ya zachilengedwe, chifukwa lipoti lake ndi limene maofesi amalandira. Ngati pali ndalama yoyamba imene gulu lanu liyenera kusonkha, ndi imeneyi, osati ya chikwangwani. Kunja kwa malirewo chigawo cha Gauteng chimafuna kuti pasiyidwe mamita 30 osamangapo kanthu ngati dambo lili m'kati mwa mzinda, kapena mamita 50 ngati lili kunja. Mamita 30 muwatenge ngati poyambira chabe. Kumene malo alipo okwanira, onjezerani.

Pali malamulo awiri a chaka cha 1998 amene simungawazembe. Loyamba ndi National Water Act, limene m'gawo 21 limanena kuti kutchinga kapena kupatutsa madzi, komanso kusintha pansi kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndi ntchito yofunika chilolezo cha Department of Water and Sanitation. Ofesi imeneyi imafuna kudziwa za ntchito zochitika m'kati mwa mamita 500 kuchokera pa dambo, ndipo ntchito yaing'ono imene katswiri waiona kuti ili ndi chiopsezo chochepa ingathe kungolembetsedwa m'malo mofunsira chilolezo chachikulu. Lachiwiri ndi National Environmental Management Act, limene malamulo ake aang'ono amati kukumba kapena kuthira dothi loposa makiyubiki mita 10 m'dambo kumafuna chilolezo cha zachilengedwe. Muyeso umenewu ndi pafupifupi tipa imodzi yaikulu, choncho mnzanu wachifundo amene akulonjeza kubweretsa dothi la ku ntchito kwake kuti musalaze pansi angakuikeni m'mlandu tsiku limodzi. Funsaninso ku khonsolo mzere wa madzi osefukira oyembekezeka kamodzi pa zaka 100, ndipo chimbudzi, chisakasa kapena malo a ana asakhale m'munsi mwa mzerewo.

Pano ndinenepo za ife alendo. Gulu la Amalawi okhaokha likapita ku ofesi kukapempha dambo, ena adzaganiza kuti tikufuna kulanda malo, ngakhale cholinga chili chabwino chotani. Komiti ikhale yosakanikirana kuyambira tsiku loyamba: eni nyumba oyang'anizana ndi dambo, ochita lendi, mphunzitsi wa sukulu yapafupi, atsogoleri a mipingo yopemphera pamalopo, anyamata a mpira, ngakhalenso otola mabotolo ndi zitini, amene amalidziwa dambolo kuposa aliyense. Mukatero mukaonane ndi khansala wa wodi yanu muli ndi mapu, zithunzi ndi mayina a anthu ogwirizana nanu. Lembani malamulo oyendetsera gulu, mulilembetse ku Department of Social Development ngati bungwe losafuna phindu, zimene sizilipiritsidwa, kenako mutsegule akaunti ya ku banki yosayinira anthu awiri kapena atatu. Chimene mukufuna kwa mwini malo ndi pangano lolembedwa, lonena ntchito zimene gulu likuloledwa kugwira ndi zimene zitsalira khonsolo.

Mbalame zimafuna chiyani

Mawu akuti mbalame za m'dambo amabisa kusiyana kwakukulu, ndipo amene sakudziwa kusiyanaku amakonzera mtundu umodzi n'kuthamangitsa khumi. Akakowa amafuna madzi osaya oti aziyendamo posaka achule ndi tinsomba. Abakha a mlomo wachikasu, pamodzi ndi mbalame yakuda ya chipumi choyera yotchedwa red-knobbed coot, imene imaunjika chisa chake pamwamba pa madzi, amafuna madzi oyera opanda bango pakati. Southern red bishop, imene yaimuna imasanduka yofiira ndi yakuda m'dzinja, imaluka chisa m'bango lothithikana. Kuyambira cha mu Seputembala kumafika timbalame ta miyendo yaitali monga wood sandpiper ndi little stint, tochokera kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, ndipo timabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Timeneti sitifuna madzi akuya kapena bango, koma matope a m'mphepete amene madzi akuphwapo pang'onopang'ono.

Zovuta kwambiri kuteteza ndi zoikira pansi. Blacksmith lapwing, ija imalira ngati wosula akumenya chitsulo ndi nyundo, imangopalasa kadzenje pa udzu waufupi n'kuikira mazira amawangamawanga ofanana ndi timiyala. Mungaime masitepe awiri kuchokera pa chisa osachiona, kholo likukuzungulirani pamutu n'kumakalipa. Palinso kadzidzi wa m'maudzu, African Grass Owl, amene amapanga timakwalala pansi pa udzu wautali wa m'mbali mwa dambo ndipo amaswa kumapeto kwa dzinja, makamaka pakati pa Febuluwale ndi Epulo. Ndikudziwa zimene timanena kwathu za kadzidzi ndi nantchengwa, ndipo pa msonkhano wa komiti nkhani ya malodza idzatuluka ndithu. Musaiseke, koma fotokozani kuti kadzidzi ameneyu akusowa m'dziko muno, ndiponso kuti chakudya chake ndi mbewa za m'dambo. Akapezeka pamalo anu, gawo lonselo lichotsedwe pa mapu a zochezera.

Kuti mudziwe zimene muli nazo, werengani. Bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa lili ndi likulu lake ku Dunkeld West mu Johannesburg momwe muno, ndipo makalabu a okonda mbalame amakondwa kuitanidwa ku malo atsopano. Kuwerenga mbalame za m'madzi kwa dziko lonse, kotchedwa CWAC, kumachitika kawiri pa chaka, cha mu Januwale ndi cha mu Julayi, ndipo ndi bwino kutsatira nthawi zomwezo kuti ziwerengero zanu ziziyerekezeka ndi za malo ena. Pulogalamu ya pa foni ya BirdLasser imalemba mbalame pamodzi ndi malo amene yaoneka. Musanakhale pansi kujambula, tengani komiti yonse Loweruka lina mukaone malo otetezera mbalame monga Marievale pafupi ndi Nigel, Korsman ku Benoni, kapena Florence Bloom ku Delta Park, paki imene kale inali malo oyeretsera suweji.

Kugawa malo

Tsopano jambulani magawo atatu. Pakati, pamene pali dambo lenileni ndi malo oswerana, sipalowa munthu kupatula owerenga mbalame ndi ochotsa zomera zachilendo. Mozungulira pamenepo, m'mamita osiyidwa aja, mudutse kanjira kamodzi ka oyenda pansi mwakachetechete. Kunja kwenikweni, pa mtunda wouma woyandikana ndi msewu, ndi kumene kukhale bwalo la mpira, akatungwe a ana, powotchera nyama, zimbudzi ndi poimika galimoto. Gawo lakunjali musaliumire. Anthu akapanda kupatsidwa malo abwino okwanira adzadzipezera okha m'kati, ndipo palibe mpanda umene udzawaletse.

Cholakwa chofala ndi kuzunguliza njira dambo lonse, chifukwa pa pepala chimaoneka chokongola. Mukatero mbalame sizikhala ndi kothawira, pakuti kulikonse kumene zatembenukira kuli munthu. Njira itsate mbali imodzi yokha, ifike pafupi ndi madzi pamalo amodzi kapena awiri, ndipo tsidya linalo likhale lopanda phazi. Komabe njira zachidule zimene anthu amadutsa kale popita kuntchito musazitseke mwamphamvu. Sankhani imodzi yosavulaza kwambiri, muikonze ndi kamlatho ka matabwa kokwezeka pa mizati kuti madzi azidutsa pansi, ndipo zinazo zidzafa zokha chifukwa palibe amene amakonda matope nsapato zili zakuntchito.

Kanyumba koonera mbalame kamangidwe kumpoto kwa madzi, mazenera ake opyapyala atayang'ana kum'mwera, chifukwa kuno dzuwa la masana limadutsa cha kumpoto chaka chonse, ndipo woonera amafuna likhale kumsana kwake. Njira yofikira pa kanyumbako itchingidwe ndi mpanda wa bango kuti mbalame zisaone anthu akubwera. Kakhale kotseguka kumbuyo ndi koonekera kuchokera ku nyumba zapafupi, chifukwa kanyumba kobisika mu mzinda muno sikachedwa kusanduka kogona kapena kobisalira achifwamba. Pewani zitsulo paliponse pamene mungathe, popeza chilichonse chogulitsika kwa ogula zitsulo zakale sichikhalitsa. Matabwa ndi mapulanga opangidwa kuchokera ku pulasitiki wakale alibe msika woterewu. Magetsi aziunikira njira ndi bwalo, atawerama pansi, osati kuwalira pa madzi. Agalu aziyenda pa chingwe ndipo asapitirire gawo lakunja. Za legeni ndi ulimbo, lankhulani ndi anyamata mwachindunji, ndipo amene ali akatswiri posaka zisa muwapatse ntchito yowerenga mbalame, pakuti maso ali nawo kale.

Padzabwera ganizo lokumba damu pakati kuti pazioneka madzi ambiri. Likaneni. Dambo la Blesbokspruit, mmene muli Marievale, linalowa m'kaundula wa Ramsar, pangano la mayiko loteteza madambo, mu 1986, koma mu 1996 linaikidwa pa mndandanda wa madambo amene akuwonongeka, makamaka chifukwa cha madzi ambiri amchere opopedwa kuchokera mu mgodi. Madzi akakhala odzaza chaka chonse, bango ndi njedza zimafalikira n'kutseka matope osaya aja. Amene timadziwa nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'kaundula yemweyo mu 1996, tikudziwa kuti madzi ake amakwera ndi kubwerera malinga ndi nyengo, ndipo mbalame zimachuluka m'mphepete mmene madzi akubwereramo. Dambo lanu lisiyeni lizidzaza m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe.

Madzi oipa ndi amene angagonjetse zonse mwakonzazi. Suweji yosefukira imadziwika ndi madzi otuwa, fungo, ndi ndere zobiriwira zochuluka m'munsi mwake, ndipo m'nyengo yotentha madzi oterewa angabweretse matenda opuwalitsa abakha. Sankhani munthu mmodzi amene ntchito yake ikhale kunena ku Johannesburg Water, kusunga nambala ya dandaulo lililonse ndi kulitsatira, pamene za ngalande za mvula zimapita ku Johannesburg Roads Agency ndipo za zinyalala ku Pikitup. Ngati muli pafupi ndi milu ya mchenga wa migodi ya golide ndipo mukuona matope achikasu chofiirira kapena chikungu choyera pa dothi, madziwo akayezedwe ana asanaloledwe kuyandikira. Nkhani ya dimba ikugwera pomwepa. Kulima m'dambo momwemo kumafuna chilolezo ndipo kumaphwasula malo a zisa, komanso mpiru wothiriridwa ndi madzi osayezedwa si woti muupatse mwana. Ngati anthu akufuna dimba, ndipo ambiri a ife tidzalifuna, liikeni ku gawo lakunja ndi madzi a pa mpope kapena a mvula okololedwa pa denga.

Namasupuni, amene anatisautsa mu Shire ndipo waphimba mbali yaikulu ya damu la Hartbeespoort kwa zaka zambiri, ali m'gulu la zomera zimene lamulo limakakamiza mwini malo kuzichotsa. Mukangoona tsinde limodzi livuuleni, mukaliumitse kutali ndi madzi. Pompom weed, wa maluwa apinki, ndi mitengo ya black wattle nazonso zichotsedwe, koma pang'onopang'ono ndiponso kunja kwa nyengo ya zisa. Musabzale mitengo m'dambo ngakhale mutapatsidwa mbande zaulere, chifukwa dziko lino linali la udzu ndipo mitengo ya mthunzi malo ake ndi ku gawo lakunja. Munthu asatayemo abakha oweta, pakuti mallard, mtundu wa bakha wochokera kunja, amakwerana ndi abakha am'tchire n'kusokoneza mtundu, ndipo buledi si chakudya cha mbalame za m'madzi.

Moto udzabwera, mufune musafune, chisanu cha mu Juni ndi Julayi chikaumitsa udzu. Lambulani mizere yotchinga moto m'malire a gawo lapakati udzu usanaumitsitse. Ngati pafunika kutentha kuti udzu wakale uchepe, zichitike ndi chilolezo cha ozimitsa moto, chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, kuti nthawi zonse pazitsala udzu wautali wobisalamo.

Mipingo yopemphera ndi kubatiza m'mitsinje ikhale nawo pa kujambula mapu, ndipo ipatsidwe malo ake odziwika pa mtunda. Mu Disembala 2022 anthu oposa khumi anakokoloka ndi madzi mu Jukskei ali pa mwambo wa chipembedzo. Madzi otere angafike mwadzidzidzi chifukwa cha mvula yogwa kumtunda, pamene pamalo muli inupo sipanadonthe. Chikwangwani chochenjeza za zimenezi chilembedwe m'zilankhulo za anthu a m'deralo, Chizulu, Chisutu ndi Chichewa chomwe ngati tilipo ambiri, ndipo chiimikidwe polowera ku madzi.

Ndalama za khonsolo zimatsata chaka chake choyamba pa 1 Julayi, ndipo misonkhano ya IDP (ndondomeko ya chitukuko cha mzinda), kumene anthu amapereka zofuna za dera lawo, imachitika miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Pitani ochuluka, mutanyamula lipoti la katswiri ndi mndandanda wa mbalame, ndipo mupemphe chinthu chimodzi chodziwika mtengo wake, monga kamlatho kapena miyala yotsekera magalimoto otaya zinyalala. Podikira yankho gwirani zimene sizifuna chilolezo chachikulu: kutola zinyalala m'miyezi yozizira pamene zisa zachepa, kuchotsa zikhomo zosakhalitsa zija n'kuika mizati yopaka utoto m'malire amene katswiri anadula, ndi kubweretsa ana a sukulu pa 2 Febuluwale, tsiku lokumbukira madambo pa dziko lonse. Mabenchi, akatungwe ndi powotchera nyama zidikire mpaka dzinja lachiwiri litatsimikizira kuti pamene mwasankhapo madzi safikapo.